Mnyamata amene agogo ake ankamuitana kuti amayi: lipoti la nkhani ya ku Nunavut

Ndine namwino wa matenda a maganizo. Ntchitoyi ndinaiphunzira kwathu ku Malawi, koma kwa zaka zingapo tsopano ndikugwira pachipatala chaching'ono m'mudzi wina wa m'chigawo cha Qikiqtani, ku Nunavut, kumpoto kwenikweni kwa Canada. Mudziwu uli ndi anthu oposa 1,000 pang'ono, pafupifupi onse a mtundu wa Inuit. Kulibe msewu wotuluka. Midzi yonse 25 ya ku Nunavut imafikika pandege, kapena pasitima yapamadzi nyanja ikasungunuka. Dokotala sakhala pano, amabwera mwa apo ndi apo, ndipo usiku timamupeza pafoni. Banja limene ndikufotokoza linavomera kuti ndilembe. Maina ndabisa, ndipo zina zimene zikanawaulula ndazisintha.

Usiku woyamba

Unali mwezi wa November, nyengo imene dzuwa limangosuzumira n'kubwerera. Cha m'ma 11 koloko usiku mtsikana wina anabwera akukoka mlongo wake wa zaka 22. Mnyamatayo anali atalembera anzake uthenga wotsanzika pa Facebook. Ankanunkha mowa koma ankayenda bwinobwino. Mtsikanayo anandiuza mofulumira kuti msuweni wawo anadzipha miyezi itatu m'mbuyomo, kuti chibwenzi cha mnyamatayo chinali chitangotha, ndiponso kuti kwawo amakhala anthu 11 m'nyumba ya zipinda zitatu, moti iyeyo amagona pabalaza masana, ena akadzuka. M'nyumbamo munali mfuti zinayi zosakira nyama, monga zilili m'nyumba zambiri kuno.

Womasulira wathu sagwira usiku. Mnyamatayo amadziwa Chingerezi, choncho ndinatenga fomu n'kuyamba kufunsa. Kodi ukuganizabe zodzipha? Zii. Uli ndi njira imene wakonza? Zii. Ndinalemba m'fayilo kuti sakuyankha mafunso, nkhope yake ndi yosasintha. Mawu okhawo amene anatulutsa anali akuti: "Mwana wanga akundidikira kunyumba." Mlongo wake anali atandiuza kale kuti alibe mwana. Ndinalemba kuti mwina mutu wayamba kusokonekera.

M'bandakucha kunabwera bambo wachikulire wa zaka zoposa 70, agogo ake, amene anamulera kuyambira ali wakhanda. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja n'kufunsa m'Chingerezi chodukaduka kuti, "Amayi anga mwawaika kuti?" Ndinalembanso: agogo akuoneka kuti ayamba kuiwala chifukwa cha ukalamba, sangadalirike kusamalira wodwala.

Mizere itatu imeneyi ndi imene inagamula mlandu. Nditawerengera dokotala pafoni, tinagwirizana zomutumiza ku Iqaluit, likulu la Nunavut, pandege ya odwala, afune asafune, malinga ndi lamulo la matenda a maganizo. Chipatala chathu chilibe chipinda chosungira munthu wotere, ndiye maola otsalawo anawathera m'chitolokosi cha apolisi, atamuvula lamba ndi zingwe za nsapato.

Sindikunena kuti mantha anga anali opanda pake. Mu 2013 mokha anthu 45 anadzipha ku Nunavut, dera limene nthawi imeneyo linali ndi anthu pafupifupi 35,000, ndipo mu 2015 boma la deralo linalengeza kuti vutoli lafika poopsa. Bungwe loimira a Inuit a ku Canada la Inuit Tapiriit Kanatami, m'ndondomeko yake yopewera kudzipha ya 2016, linanena kuti m'madera a Inuit chiwerengero cha odzipha chimaposa cha dziko lonse la Canada kuyambira kasanu mpaka ka 25. Mnyamata wa msinkhu uwu, woferedwa kumene, womwa mowa, wokhala ndi mfuti pafupi, ndi amene timamuopera kwambiri. Ngakhale lero, nditakhala ndekha usiku ngati umenewo, mwina ndikhoza kumutumizabe. Cholakwa changa chinali zifukwa zimene ndinalemba, ndi mmene tinamutumizira.

Anakhalako masiku 9. Anabwera ndi mankhwala a matenda ovutika maganizo otchedwa sertraline ndi kalata yonena kuti sanapeze chizindikiro chilichonse cha misala. Masiku atatu amene ndinamupatsa kuti adzandione, onse sanabwere. Tikakumana kusitolo ankatembenuka.

Zimene sindinaone

Amene ananditsegula maso ndi womasulira wathu, mayi wa zaka za m'ma 60 amene wagwira pachipatalapa nthawi yaitali kuposa namwino aliyense. Anawerenga zimene ndinalemba, n'kundiuza kuti titseke chitseko.

Choyamba, anati, mnyamatayo ayenera kuti ankakuyankhani. Kuno munthu akakweza nsidze ndiye kuti wavomera, akakwinya mphuno ndiye kuti wakana. Mlongo wake anadzatsimikiza kuti zinalidi choncho: pa funso loti akuganizabe zodzipha anakweza nsidze, pa funso loti ali ndi njira anakwinya mphuno. Ine maso anali pafomu. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ngakhale kwathu ana amavomera ndi nsidze, si chinthu chachilendo kwa ine.

Chachiwiri chinali dzina. Kwa a Inuit, dzina, lomwe amati atiq, limanyamula munthu. Mwana akapatsidwa dzina la malemu, achibale amamuitana monga ankaitanira malemuwo, ndipo zilibe kanthu kaya mwanayo ndi wamwamuna kapena wamkazi. Mnyamatayu anapatsidwa dzina la amayi awo a agogo ake aja. Choncho agogowo amamuitana kuti anaana, kutanthauza amayi, iye n'kumawayankha kuti irniq, mwana wanga. Panalibe wosokonezeka mutu, panalibe woiwala. Munthu wochokera kumene timatcha mwana kuti "agogo" chifukwa cha dzina analowa, ndinalephera kumva zimenezi chifukwa ndinkamvetsera ndi makutu a fomu.

Ndipo chifukwa ndinalemba kuti agogowo ndi osadalirika, nambala yawo sinalembedwe pakalata yotumizira wodwala. Foni ya mlongo wake inali itatha mayunitsi. Kwa masiku anayi banja silinamve kalikonse. Womasulirayo anandiuza kuti mdalayo ankapita kubwalo la ndege tsiku lililonse, n'kukaima pa waya mpaka ndege yatsikulo itatsitsa anthu onse. Kunyumba anasiya kudya. Atanena zimenezi anangokhala chete, kenaka anati, "Pitani mukawafunse za amayi awo. Koma musatenge fomu."

Mbiri ya banja

Ndinapita katatu, limodzi ndi womasulira. Ulendo woyamba tinangomwa tiyi, ine n'kupepesa. Ulendo wachiwiri anakamba za nyengo ndi za nyama. Ulendo wachitatu analowa kuchipinda n'kubwera ndi kachitini ka fodya. Munali kachimbale kofiirira, kakang'ono ngati ndalama yachitsulo, koboola pamwamba, kolembedwa chilembo E ndi manambala. Kuyambira mu 1941 boma la Canada linkapatsa Inuit aliyense kachimbale kotere kuti azivala m'khosi, chifukwa akuluakulu aboma maina a anthuwa ankawavuta kutchula ndi kulemba. Manambalawa anagwira ntchito mpaka cha m'ma 1970, pamene mtsogoleri wina wa Chiinuit, Abe Okpik, anayenda m'midzi kulemba maina a mabanja. Kachimbale kameneka kanali kawo. Nambala ya amayi awo anaitchula pamtima, osadodoma.

Mu 1957, ali ndi zaka 6, banja lawo linkakhala kumsasa wa alenje, ulendo wa masiku awiri kuchokera pamene pali mudzi lero. M'chilimwe kunabwera sitima ya C.D. Howe, imene kuyambira 1950 mpaka 1969 inkazungulira magombe a kum'mawa kwa Arctic ikujambula anthu m'chifuwa. Amene wapezeka ndi chifuwa chachikulu sankaloledwa kutsikanso, ngakhale kukatenga zovala kapena kutsanzika. Amayi awo anakwera, sanatsike. Mdalayo akukumbukira kuti bambo ake anabwerera kumtunda atanyamula khanda limene linali kumsana kwa mayiyo. Pofika 1956, Inuit mmodzi mwa 7 aliyense anali m'chipatala cha TB kumwera, ambiri ku Mountain Sanatorium mumzinda wa Hamilton kapena ku Charles Camsell ku Edmonton. TB inalidi kupha anthu, ndipo mankhwalawo anapulumutsa ambiri. Koma mabanja ochuluka sanauzidwe kuti m'bale wawo ali kuti, wamwalira liti, waikidwa pati. Banja ili linamva patapita zaka ziwiri, kwa munthu wina amene anabwerako, kuti mayiyo kulibe. Manda sanawadziwe.

Apa ndinakumbukira agogo anga aakazi, amene anamwalira akudikirabe mchimwene wawo yemwe anapita ku Joni pa Wenela n'kutchona. Maliro opanda mtembo ndikuwadziwa kulemera kwake. Koma wa kwathuyo anakwera yekha. Uyu anachita kutengedwa ndi anthu azachipatala, ovala ngati ine.

Zotsatira zake anazinena mothamanga, ngati munthu wodutsa pamoto. Anamutenga kukakhala kunyumba yogonera ana asukulu, kumene kulankhula Inuktitut, chilankhulo cha a Inuit, kunali mlandu, ndipo makolo okaniza ana ankaopsezedwa kuti alandidwa ndalama ya boma yothandizira mabanja. Bambo ake anasamukira kumudzi kuti akhale pafupi ndi ana. Chaka chotsatira agalu awo 12 okoka qamutiik, ngolo yotsetsereka pachipale, anawomberedwa tsiku limodzi pagombe. Mlenje wopanda agalu sangapite kukasaka ndipo sangabwerere kumsasa. Munthu amene ankadyetsa mabanja atatu anayamba kuima pamzere wolandira thandizo, kenaka anayamba kumwa. Apolisi a RCMP mu lipoti lawo la 2006 anakana zoti panali chikonzero chopha agalu a Inuit, koma Qikiqtani Truth Commission, komiti yofufuza mbiriyi imene inagwira ntchito kuyambira 2007 mpaka 2010 motsogozedwa ndi James Igloliorte, inamva umboni wa anthu mazana, ndipo mu August 2019 boma la Canada linapepesa kwa a Inuit a m'chigawochi.

Mdalayo naye anamwa mowa zaka zoposa 25. Sanabise kuti ana ake anakula akumuopa. Mwana wake wamkazi, mayi wa mnyamatayu, anabereka ali wamng'ono n'kupereka khandalo kwa makolo ake monga mwa mwambo wa kuno. Tsiku limene khandalo linapatsidwa dzina la malemu, mdalayo anataya mowa, ndipo sanaulawenso. Anati, "Amayi anali atabwera. Sindikanafuna andione nditaledzera."

Ndiye tangoganizani zimene ndinachita usiku uja. Munthu wachipatala anatenga amayi ake kachiwiri, mothandizidwa ndi apolisi, n'kuwakweza kupita kumwera, popanda kutsanzika, popanda wonena tsiku lobwera.

Ndinafunsa chifukwa chake sanandikalipire m'mawa umenewo. Womasulira anandiphunzitsa liwu loti ilira. Ndi mantha osakanikirana ndi ulemu amene munthu amamva pamaso pa wina wamphamvu yemwe sungadziwe chimene achite, monga wapolisi, wansembe, mkulu wa sitolo ya Hudson's Bay, namwino. Munthu wogwidwa ndi ilira amavomera pakamwa mtima ukukana. Ine ndinkaganiza kuti khungu langa lakuda likundichotsa m'gulu la Qallunaat, azungu akumwera. Ayi ndithu. Makiyi a chipatala ndi foni yoitanira ndege zinali m'manja mwanga. Anzanga, wodwala kapena kholo akakuuzani kuti "chabwino" kuno, musafulumire kulemba kuti wavomera.

Mnyamatayo anayamba kubwera atamva kuti ndinakapepesa kwa agogo ake. Ankakonda kuti tizikambirana tikuyenda kugombe, osati mu ofesi. Pang'onopang'ono zinadziwika kuti matenda ovutika maganizo anali nawo kwa chaka ndi theka: kusagona, kusafuna kudya, kudziona wachabechabe. Ali mwana anaona nkhanza zambiri akapita kwa mayi ake omubereka. Sukulu anasiyira panjira. Ankafuna kukhala mlenje, koma lero ulenje umafuna njinga yamoto ya pachipale, mafuta ndi zipolopolo, ndipo msika wa zikopa za nattiq, nyama ya m'nyanja imene azungu amati seal, unagwa kuchokera pamene mayiko a ku Ulaya analetsa zikopa za mitundu ina ya seal mu 1983. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mbiri ya mayi amene iye ananyamula dzina lake sankaidziwa. Ankangodziwa kuti agogo ake amamuyang'ana ngati munthu wamtengo wapatali, iye n'kumadziona kuti sakukwana. "Dzinali landikulira," anatero tsiku lina.

Achikulire a kuno amanena, ndipo ofufuza amavomereza, kuti kudzipha kwa achinyamata kunali kosowa anthu asanasonkhanitsidwe m'midzi, ndipo kunakwera kwambiri kuyambira m'ma 1980, pakati pa ana ndi adzukulu a anthu amene anadutsa m'zimene mdalayu anadutsamo. M'banja ili njira yake inkaoneka ndi maso: mayi watengedwa, bambo wathyoka, mwana wakula wopanda womulera n'kulephera kulera ake, ndipo zonsezi zakwiriridwa m'chete.

Vuto lachiwiri

Mu May, kuwala kutabwerera moti usiku kunalibe, mnzake wina wa kumudzi woyandikana nawo anadzipha. Patapita masiku awiri mnyamatayo anabwera yekha masana. Sanamwe. Ananena poyera kuti maganizo aja abwerera mwamphamvu, kenaka anati, "Ndakuuzani chifukwa munalonjeza kuti simudzanditumiza mondibisira."

Ulendo uno ndinaitana womasulira, ndipo mafunso onse ndinafunsa ndikumuyang'ana kumaso. Maganizo odzipha analipo, njira anali ataiganizira, koma tsiku sanakonze, ndipo anabwera yekha kudzapempha thandizo. Dokotala wa pafoni, yemwe anali wongobwereka kwa milungu iwiri, anafuna ndege. Sindikumuimba mlandu, pa pepala chiopsezo chinali chachikulu. Ndinamufotokozera kuti tikamutumiza mokakamiza kachiwiri tipeza masiku 9 a chitetezo, koma titaya chinthu chokhacho chimene chamubweretsa lero, ndipo ulendo wachitatu sadzanena. Tinakambirana nthawi yaitali. Anavomera kuti tiyese kwa maola 72, pamfundo zolembedwa.

Tinakhala pansi pabalaza la kwawo, anthu 7. Amalume ake anatenga mfuti zonse zinayi kukazitsekera kwawo, zipolopolo n'kuzisunga kwina. Mankhwala onse a m'nyumbamo anapita kwa azakhali, oti azipereka a tsiku limodzi basi. Tinalemba pakalendala amene akhale naye maola ati, usana ndi usiku, ndipo msuweni wina anamusiyira chipinda kuti agone mokwanira. Ine ndinkamuona kawiri patsiku, ndipo tsiku lachiwiri analankhula ndi dokotala wa maganizo pakompyuta, amene anakweza mlingo wa sertraline. Nambala ya Kamatsiaqtut, foni yothandiza anthu a ku Nunavut amene ali pamavuto, tinaimata pafiriji. Tinagwirizananso pamaso pa onse zimene zingachititse kuti ndege ibwere: akamwa mowa, akazemba omuyang'anira, kapena iye mwini akanena kuti sakuthanso. Ndipo zikatero adzapita ndi wachibale, banja lidzaimbiridwa tsiku lililonse, agogo adzatsanzikana naye.

Masiku atatu amenewo sindinagone tulo tabwino. Ndikufuna anzanga amve bwino apa: kudziwa mbiri ya atsamunda si chilolezo chosiyira kuyeza chiopsezo. Ndaonapo ena, atamva nkhani zoterezi, akuchita manyazi kufunsa mafunso olimba, kapena kuopa kutchula za mfuti poganiza kuti akunyoza chikhalidwe. Amalume aja sanakhumudwe ngakhale pang'ono, anali akudikira kuti wina anene. Mbiriyo inandithandiza kudziwa kuti ndege ili ndi mtengo wake m'banja ili, ndi kuti mdala amene ndinamulemba kuti ndi wosadalirika ndiye anali mzati wa chitetezo cha mnyamatayo. Pakanakhala kuti palibe anthu okwanira omuyang'anira, kapena akanabwera ataledzera, ndikanaitana ndege.

Usiku wachitatu, pa nthawi yawo yoyang'anira, agogowo anatulutsa kachitini kaja n'kumufotokozera mdzukulu wawo zonse, kwa nthawi yoyamba. Ine kunalibe. Sindinawatume, ndipo ndikanafunsidwa mwina ndikanati adikire kaye. Mnyamatayo anadzandiuza kuti analira onse awiri mpaka ena m'nyumbamo anadzuka.

Zimene zinatsatira

Maola 72 anakwana, tinawonjezera sabata, kenaka tinayamba kuchepetsa. Mu June amalume anamutenga limodzi ndi agogo kupita kumalekezero a madzi oundana kukasaka, mfuti ili m'manja mwa amalume. Atabwerako analowa gulu la abambo amene amakumana m'shedi kupala ma qamutiik ndi kukonza mainjini. Kumeneko anthu amakamba zakukhosi manja ali pantchito, ndipo wotsogolera ndi mlangizi wa Chiinuit amene anaphunzira uphungu m'chilankhulo chake. Zimene amakambirana kumeneko sindizidziwa, ndipo si zoti ndizidziwe.

Ndinauza banjalo za Nanilavut, ntchito yothandiza mabanja kupeza manda a abale amene anamwalira kumwera nthawi ya TB. Inalengezedwa pa 8 March 2019, tsiku limene Justin Trudeau, nduna yaikulu ya Canada pa nthawiyo, anapepesa ku Iqaluit chifukwa cha mmene boma linachitira ndi a Inuit pa nthawiyo. Mdalayo anali atamvapo pawailesi koma sanafune kudzutsa chiyembekezo. Amene anadzaza mafomu ndi mnyamatayo. Yankho linabwera patatha miyezi 14. Dzina la mayiyo linalembedwa molakwika m'mabuku a chipatala, ndipo chimene chinawapezetsa ndi nambala ija mdalayo anaisunga pamtima. Manda anali m'chigawo cha Ontario, opanda chizindikiro.

Ulendo wokaona mandawo unandidetsa nkhawa. Mnyamata amene wakhala akulimbana ndi maganizo a imfa akaima pamanda a munthu amene iye amatchedwa dzina lake, zikamuthera bwanji? Ndinamufunsa mosabisa. Anaganiza kaye, kenaka anati, "Amene ali kumeneko ndi thupi. Dzina lili kuno, ndipo ndikuperekeza mwana wanga." Tinakonza zoti azindiimbira madzulo aliwonse, ndipo azakhali anapita nawo. Anaimba masiku onse asanu.

Sikuti zonse zinayera. Pakati pa kudikira yankho lija anabwerera kumowa kwa miyezi iwiri, chibwenzi china chitatha, ndipo usiku wina anaswa zenera la nyumba. Anapempha yekha kupita kumwera kumalo othandiza osiya mowa, chifukwa kumudzi kuno kulibe. Anakwera ndege masana, azakhali ali pambali pake, tsiku lobwera litalembedwa pakalendala ya kukhitchini. Agogo anamulongedzera nsomba zouma m'chikwama, anamununkhiza patsaya monga amapsompsonera kuno, n'kubwerera kunyumba kukadya.

M'fayilo yake ndinawonjezera tsamba lokonza zimene ndinalemba usiku woyamba, kuti namwino wobwera pambuyo panga asadzawerenge zoti mnyamatayu anasokonezekapo mutu kapena zoti agogo ake ndi oiwala. Pachipatala pathu tsopano timafunsa wodwala aliyense kuti dzina lake ndi la yani, amamuitana bwanji kunyumba, ndiponso ngati m'banjamo alipo amene anapita kumwera osabwerako. Womasulira amaitanidwa ngakhale usiku, ndipo amalipidwa maola amenewo.

Pamene ndikulemba, papita miyezi 10 asanamwe. Akumwabe sertraline, ndipo tagwirizana kuti za kuchepetsa tidzakambe chilimwe chikadzatha. Amagwira ganyu yotsitsa katundu kubwalo la ndege masiku atatu pasabata. M'nyumba muja akadali anthu 11, ndipo dzina lake lili pamndandanda wodikira nyumba, umene suyenda. Mfuti zitatu zinabwerera kwawo m'kabati yokhoma, yakeyo anasankha yekha kuti ikhalebe kwa amalume. Maganizo odzipha amati amabwerabe nthawi zina, makamaka akamva za maliro, koma akabwera amauza agogo ake kapena ine. Tidzaonananso Lachinayi likudzali, kugombe, ngati mphepo ilola.